Mawu a m'mawa: Chitenje cha agogo ogulitsa mtedza

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Kuwerenga kwathu lero ndi Luka 23:39-43. Musanatsegule, ndikuuzeni zimene ndinaona dzulo, chifukwa usiku wonse tulo sitinabwere.

Cha m'ma 6 koloko m'mawa ndinaima m'mbali mwa msewu wa Great East kuno ku Chipata, kudikira galimoto yopita ku Mwami. Kunali kachisanu, amayi akuyala tomato ndi repu, anyamata a njinga akunyamula anthu opita kumsika wa Kapata. Tinangomva matayala kulira. Corolla yoyera inatulukira pa liwiro loopsa, n'kukwapula njinga imodzi, n'kuzungulira kawiri, kenako phuu! m'ngalande, miyendo m'mwamba.

Tonse tinathamanga. Ena anapita kwa wa njinga uja, amene anathyoka mwendo. Ine ndi azibambo atatu tinagwada pa galimoto, n'kuswa zotsala za galasi, n'kukoka woyendetsa. Anali mnyamata wamng'ono, ndevu zongoyamba kumera. Magazi amatuluka pachipumi ngati mpopi. Ndinamugoneka mutu pa mwendo wanga, ndikumuuza kuti, "Limba mtima mwana wanga, upulumuka."

Mphindi zochepa, kunafika galimoto ina, anthu ake ali wefuwefu. Anafuula asanatsike n'komwe: "Kawalala uyo! Waiba galimotoyi ku Katete usiku!"

Abale, apa mpamene pali nkhani yanga. Mawu amenewo atangolowa m'khutu, manja anga anachoka okha pamutu pa mnyamata uja. Ndinaimirira. Ndinayang'ana magazi pa buluku langa ndipo ndinanyansidwa nawo, magazi omwewo amene ndinkayesa kuletsa ndi chikhatho changa. Bala silinasinthe, kubuula kwake sikunasinthe. Chinasintha ndi mtima wanga, chifukwa cha liwu limodzi. Ndipo sindinali ndekha. Anthu omwe anathandiza kumukoka anayamba kutola miyala. Wina anati kubwere tayala ndi petulo. Wina n'kuti, "Atitopetsa awa."

Mkwiyo umenewo ndikuumvetsa, sindinama. Ndani mwa ife sanaberedwepo? Munthu amalima fodya kapena soya zaka zingapo, kudzimana, ana kudya ndiwo zopanda mafuta, kuti agule kagalimoto kochitira taxi, wina n'kubwera usiku umodzi kudzakatenga. Lamulo lija la pa Eksodo 20:15, lakuti usabe, silinafufutidwe. Komanso pamsewu panali patagona mnyamata wosalakwa, amene anadzuka m'mamawa kukasaka ya ufa ndi njinga yake. Tchimo la mmodzi linavulaza nyumba zingapo.

Pamene phokoso limakula, agogo ena amene amagulitsa mtedza wokazinga pamalopo anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono. Anamasula chitenje chapamwamba, n'kugwada, n'kumanga nacho mutu wa mnyamata uja. Kenako anakhala pansi pafumbi, pakati pa iye ndi miyala. Sanalalikire. Anangoti, "Ana anga, uyu ali ndi mayi wake. Mlandu wake akaunene kupolisi ali moyo. Wofuna kugenda ayambe ndi ine."

Kunangoti zii. Miyala ija inagwa umodzi umodzi. Apolisi anafika, n'kutenga ovulala onse awiri kupita nawo kuchipatala cha Chipata Central.

Tsopano tsegulani Luka 23. Yesu sanafe pakati pa atsogoleri a mpingo. Anapachikidwa pakati pa ochita zoipa awiri, amene Mateyu 27:38 akuwatchula achifwamba. Mmodzi anamunyoza. Winayo anavomera poyera kuti chilango chawo chinali choyenera ntchito zawo, kenako anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti Yesu amukumbukire akalowa mu Ufumu wake. Taonani yankho. Ambuye sanamufunse kuti anaba zingati, kwa yani, kapena ngati anabweza. Sanamutsitsenso pamtanda, chilango cha dziko chinapitirira mpaka imfa. Koma anamuuza kuti tsiku lomwelo adzakhala naye m'Paradaiso. Lonjezo limenelo linapita kwa munthu amene ife a ku Chipata tikanamufunira tayala.

Ndimeyi ndaiwerenga kambirimbiri, ndaiphunzitsanso ku Sande sukulu. Ndimaikonda ikakhala m'buku. Dzulo wachifwamba uja anatuluka m'buku n'kudzagona pa mwendo wanga, ine n'kumusiya. Agogo aja, amene sindikudziwa ngati amatha kuwerenga, ndiwo anaichita ndimeyo ndi chitenje chawo, mwina chimodzi mwa ziwiri zokha zimene ali nazo.

Pali chinanso chimene chikundiwawa. Paja akuluakulu amati fisi akagwa m'mbuna salankhula, ndipo mnyamata uja analibe mawu odziteteza. Palibe mmodzi wa ife amene anamuona akuba. Tinangomva kwa anthu obwera akuthamanga, ndipo tinali okonzeka kuchotsa moyo mlandu usanamvedwe. Mwina anabadi; ndikuganiza kuti anabadi. Koma akanafera pamenepo, akanalapa liti? Paulo pa Aefeso 4:28 akuti wakuba asabenso, koma agwire ntchito ndi manja ake kuti akhale ndi chogawira osowa. Mawu amenewo amalankhulidwa kwa wakuba amene akupuma.

M'mawa uno ndikupempha kuti tipempherere anthu anayi. Wa njinga uja, kuti mwendo upole ndipo ana ake asagone ndi njala. Mwini galimoto wa ku Katete, amene chuma chake chasanduka zitsulo zopindika. Mnyamata uja, kuti pabedi la chipatala, apolisi ali pambali, akumane ndi Yesu amene anamva wachifwamba pamtanda. Wachinayi ndine, amene ndinachotsa manja.

Masana ano, nthawi yoona odwala ikakwana, ndipita kuchipatala ndi phala ndi nthochi za anthu awiri. Ndikadutsa kaye kumsika kukagula chitenje cha agogo aja. Amene ali pafupi ndi tauni ndipo angathe kundiperekeza, andiuze isanakwane 11 koloko.