Tikiti ili m'manja, chipata chatsekedwa

Moni nonse omvera, kaya muli ku ntchito, kaya muli pa msika, kaya mwakhala pakhonde wayilesi ili pambali. Nthawi ya makalata anu ija yakwana. Sabata ino thumba lalemera, ndipo ine ndimayesa kuti mundilembera za chigoli chimene ena mukuti woyimbira anakana mokondera chija. Ayi ndithu, ndi awiri okha amene achitchula. Ena nonse mwagwirizana pa nkhani imodzi, matikiti a masewero aakulu a Loweruka lapitali. Mayina a anthu ndi a malo amene mwawaloza chala ndawachotsa, poti eni akewo sali muno kuti adziyankhire. Nkhani yokha ndiyo tiimve.

Tiyambe ndi zazifupi. Achimwene a ku Bangwe akuti mtengo wolowera ku open stand wakwera moti munthu wa ganyu sangaonerenso mpira. Achimwene, kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi chiyani chimene chatsala pa mtengo wakale? Basi yonyamula osewera imamwa dizilo yemweyo amene akutiliza tonsefe. Dandaulo lanu ndalimva, komabe lero mkangano wanga suli pa mtengo.

Achemwali a ku Area 25 akuti anagula pa foni, ndalama inachoka, uthenga wa tikiti sunabwere mpaka mpira unatha. Musafufute uthenga wosonyeza kuti ndalama yachoka uja, muli nambala imene adzakufunseni. Pitani nawo ku ofesi yawo, ndipo mukapanda kuthandizidwa mundilemberenso.

Tsopano pali kalata iyi, yolembedwa pa pepala la mu kope, yochokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu. Ndiiwerenga yonse, mundipirire.

"Aulutsi, ine ndine mlimi wa kachewere. Mwana wanga wamwamuna ali Sitandade 6 ndipo mpira amangoumvera pa wayilesi yanu, bwalo lalikulu sanalionepo. Ndinamulonjeza kuti akakhoza bwino mayeso ndidzapita naye. Anakhoza. Ndinatuma mlamu wanga wa m'tauni kuti atigulire matikiti awiri kukadali masiku, pa malo amene analengezedwa, osati kwa madobadoba. Loweruka tinalawirira, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tinali pa mzere. Zipata zambiri zinali zotseka, anthu onse timathamangira pa ziwiri. Mzere umayenda pang'onopang'ono, koma cha kumbali ndimaona ena akufika, kugwirana chanza ndi wa pa geti, n'kulowa. Nthawi itayandikira, mzere unasweka. Anthu anayamba kukankhana kuchokera kumbuyo. Mwana ndinamunyamula paphewa chifukwa pansi samatha kupuma. Kenaka tinamva kuti bwalo ladzaza, chipata chatsekedwa. Ladzaza bwanji ife a matikiti tikadali panja? Wina anandinong'oneza kuti ndikapereka kangachepe atilowetsa pa kachipata kena. Ndinayang'ana khamu lija, ndinayang'ana mwana, ndinati tiye tizipita. Mpirawo tinaumvera mu minibasi pobwerera. Matikiti awiriwo ndili nawo, osang'ambika. Mwana sakundilankhula bwinobwino, akuti ndinachita mantha. Kodi ndinalakwa?"

Bambo, simunalakwe. Ndipo ngati mwanayo ali pafupi ndi wayilesi, muitaneni amve. Mwanawe, bambo akowa anachita zimene amuna ambiri pa khamu lija analephera kuchita. Ndikuuza chifukwa chake, chifukwa pamene zinachitika iwe unali wamng'ono kwambiri.

Pa 6 Julayi 2017 dziko lino limakondwerera kuti latha zaka 53 lili pa ufulu wodzilamulira. Ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, bwalo limene linali litangotsegulidwa kumayambiriro kwa chaka chomwecho, kunakonzedwa masewero a Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers, olowa ulere. Anthu anafika m'mamawa, zipata zinachedwa kutsegulidwa, khamu linakula, kukankhana kunayamba, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi. Anthu 8 anafa, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Bwalo lija limalowa anthu oposa 40,000, ndipo nthawi imene anawo amapondedwa pa chipata, mipando mkatimo inalipo yambiri. Chinawapha ndi khamu lalikulu lofuna kudutsa pa malo aang'ono nthawi imodzi. Munthu wamkulu akamapanikizidwa mutu wake umakhalabe pamwamba pomwe pali mpweya. Mwana amakhala pansi, pakati pa ziuno za anthu, ndipo akagwa sadzukanso. Ndiye bambo ako atamva kuti sukutha kupuma, anawerenga bwino zimene zimachitika.

Si kwathu kuno kokha. Pa 11 Epulo 2001 ku Ellis Park mu Johannesburg, Kaizer Chiefs ikusewera ndi Orlando Pirates, anthu 43 anafa chifukwa m'bwalo munalowa anthu ochuluka kuposa malo amene analipo. Komiti yofufuza imene anaitsogolera Jaji Bernard Ngoepe inatchula mwa zina kusayendetsa bwino matikiti ndi alonda olandira ziphuphu pa zipata. Ndipo inu amene mumakumbukira chigoli chakutali cha Gabadinho Mhango chomwe anagoletsa Morocco ku Yaoundé pa 25 Januwale 2022, dziwani kuti dzulo lake mu mzinda womwewo anthu 8 anafa pa chipata cha bwalo la Olembe, Cameroon ikukumana ndi Comoros. Ife timakumbukira chigoli, mabanja ena amakumbukira chipata.

Tsono funso lanu lija, bambo, loti bwalo ladzaza bwanji a matikiti akadali panja, ndilo funso limene ndimafuna wina atafunsa. Tikiti ndi lonjezo. Amene wakugulitsani akunena kuti mkatimo muli malo anu. Matikiti akasindikizidwa molingana ndi kukula kwa bwalo, ndipo aliyense wolowa n'kukhala ndi yakeyake, nkosatheka kuti bwalo lidzaze inu muli panja. Likadzaza ndiye kuti malo anu wakhalapo wina amene sanayenere kukhalapo. Njira zake tonse timazidziwa, tisanamizane. Pali tikiti imene wa pa geti amailandira osaing'amba, n'kuipatsira mnzake kuti akaigulitsenso panja, moti pepala limodzi limalowetsa anthu angapo. Pali matikiti achinyengo osindikizidwa m'tauni. Pali chanza chija munachiona, chimene mkati mwake mumakhala ndalama yopindidwa. Pali achibale, pali "uyu ndi wanga", pali akuluakulu ofika ndi galimoto yodzaza anthu koma chiphaso chili chimodzi.

Ndipo apa ndiye ndikutembenukira kwa inu, masapota anzanga, kaya ndinu a Maule, a Manoma kapena a Mabanker. Makalata ambiri a sabata ino akuti "iwo akuba, iwo ndi achinyengo". Chabwino. Nanga ndalama yopindidwa ija imachoka m'thumba mwa ndani? Wa pa geti sadzipatsa yekha. Iwe amene unalowa ndi kangachepe n'kumakadzitama ku malo omwera kuti ndiwe wochenjera, mpando unakhalapo uja unali wa mwana wa ku Ntcheu. Komanso wabera timu yako yomwe. Ndalama za pa geti zikawerengedwa, amayamba achotsa zolipira apolisi, ma stewadi, ogulitsa matikiti ndi osindikiza, ndiye zotsalazo n'kugawana matimu awiri aja, mwini bwalo, bungwe loyendetsa ligi la Sulom, bungwe la mpira m'dziko muno la FAM ndi khonsolo ya zamasewero. Zimene zalowa m'thumba la munthu pa chipata sizifika pa tebulo limenelo. Mawa lake mumadabwa kuti bwalo linadzaza mpaka pa masitepe koma ndalama zolengezedwa n'zochepa, kenaka mumatukwana akuluakulu a timu kuti bwanji osewera sakulandira malipiro, bwanji wosewera wabwino wathawira ku Mozambique. Walira mvula walira matope.

Chinanso chimene tili nacho ndi kuchedwa. Matikiti amalengezedwa kuti ayamba kugulitsidwa pakati pa sabata, ife phee. Loweruka masana ndiye tonse tatulukira pamodzi, wina akuchokera ku ukwati, wina ku bawo, wina wayamba wadutsa pa malo ozizilitsa kukhosi, aliyense akufuna alowe mphindi khumi mpira usanayambe. Dobadoba amadya pa ulesi wathu womwewu. Tikanati tonse tizigula kukadali masiku pa malo ovomerezeka, iye akanagulitsa kwa ndani?

Koma ndisakupachikeni nokha, chifukwa bambo a ku Ntcheu anachita zonse zoyenera ndipo anabwererabe. Inu okonza masewero, zimene anthu akupempha si zodula. Tsegulani zipata zonse, ndipo muzitsegule m'mawa, osati kudikira kuti khamu likule. Masewero akakhala aakulu, pa geti pasamagulitsidwe tikiti tsiku la mpira, ndipo matikiti akatha lengezani pa wayilesi usiku wake kuti wopanda tikiti asavutike n'kukwera basi. Oyang'ana matikiti aziima patali ndi chipata, kuti wopanda tikiti asafike n'komwe pothinana paja. Pakhale njira yapadera ya ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi olumala. Ndipo tikiti iliyonse ikhale yoti ikalowa kamodzi yafa, kaya ndi yong'amba pamaso pa mwini wake, kaya ndi yoyesa pa makina. Achinyamata odziwa makompyuta tili nawo ambiri, akungoyenda ndi mapepala a sukulu m'manja.

Bambo, matikiti awiriwo musataye. Ajambuleni pa foni, nambala zake zioneke, mutitumizire. Ndikawafunsa okonzawo funso lanu lomwelo, ndipo yankho lawo, kaya kukhala chete kwawo, ndidzakuuzani pa pulogalamu ino. Za kubwezeredwa ndalama sindikulonjezani, si ine wosunga thumba. Mwanayo mudzapite naye pa masewero a ligi a pakati pa sabata, pomwe anthu amakhala ochepa. Udzu ndi womwewo, osewera ndi omwewo, ndipo adzakhala pafupi moti adzamva mphunzitsi akukalipa.

Ndatha nthawi yambiri pa kalata imodzi, ondithandiza muno akundiloza wotchi. Tithamange.

Pali uthenga wochokera kwa wina amene akuti amagwira ntchito pa geti. Akuti: "Mumatinena ife tokha, koma timaima pa dzuwa tsiku lonse, kutukwanidwa, kukankhidwa, malipiro ake ochepa komanso obwera mochedwa. Ena amene amatiuza kuti tilowetse anthu awo ndi mabwana athu omwe." Achimwene, mwachita bwino kulemba, ndipo mbali yomalizayo ndaikhulupirira. Munthu wosalipidwa bwino ukamuimika pamene pakudutsa ndalama, ukumuyesa dala. Komabe njala yanu isathere pa mwana wa eni.

Wina sanabise n'komwe, akuti iye amagula matikiti ambiri n'kumagulitsa mokwera, ndipo akuti "ndi bizinesi ngati ya tomato". Bwana, tomato akadula ndimakagula pa benchi ina. Fainolo ilibe benchi ina. Ndipo inu ogulitsa pa malo ovomerezeka, munthu mmodzi akamagula mulu wonse, mumaganiza kuti ali ndi ana angati?

Mlongo wathu wa ku Johannesburg akuti kumeneko matikiti a Chiefs ndi Pirates pa FNB Stadium, bwalo lolowa anthu pafupifupi 90,000, amatha masiku angapo mpira usanachitike, ndipo aliyense amadziwiratu kuti atha. Akutinso achinyengo aliko ndithu. Zikomo achemwali, moni kwa a Malawi onse kumeneko, ndipo musaiwale kutumiza kangachepe kovomerezeka kumudzi.

Agogo a ku Zomba akufunsa ngati okalamba angamalowe ulere. Agogo, ulere ndi umene umandiopsa ine pa zipata zathu. Mtengo wotsika ndi chipata chawochawo, pamenepo ndili nanu.

Yomaliza ndi ya mayi a ku Chilomoni. Akuti amuna awo anachoka m'mawa atavala jezi ndi mpango wa timu, anaimba foni masana kuti tikiti sanaipeze, koma anafika pakhomo pakati pa usiku mawu atasasa. Akufunsa kuti kodi panja pa bwalo anthu amakuwanso? Mayi, amakuwa ndithu, makamaka pamene pali kanema ndi firiji. Afunseni kuti chigoli choyamba anagoletsa ndani, akayankha msanga muwakhululukire. Nthawi yatithera, makalata otsala tiwerenga sabata ya mawa, ndipo inu a ku Mzuzu amene mwalemba masamba anayi za woyimbira, yanu ndiyo tidzayambire.