Kuona Cape Town wina ali kumsana, wina kudzanja

Zikomo amayi a pampando, zikomo nonse amayi ndi abambo. Amene muli ndi makanda musavutike kutuluka nawo akalira, nkhani ya leroyi ndi ya iwo omwewo.

Mwandipempha kuti ndinenepo za kuyenda ndi ana aang'ono kunja, poti ena mwa inu mukukonzekera kutsatira amuna anu kapena akazi anu kusukulu ndi kuntchito. Ife tinayenda miyezi 8 chifukwa cha ntchito ya bambo a kunyumba, kukhala apa masabata angapo, kumanga katundu, kukakhala apo. Wachisamba anali ndi zaka 5, wamng'ono anali asanakwanitse ziwiri. Kumene tinakhalitsa ndi ku Cape Town, miyezi itatu, Novembala mpaka Januwale, ndiye ndikambe za kumeneko.

Sabata yoyamba ndinalakwitsa ndine. Ndinali ndi pepala la malo oti tione, ndipo ndinkafuna tsiku limodzi tithane ndi anayi, ngati munthu wobwera ndi basi lero mawa akubwerera. Tinanyamuka m'mawa kupita ku Bo-Kaap, kuja kuli nyumba zopaka utoto wowala, ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yofiirira. Ndinali nditagula chikuku cha mwana, ndikuyenda monyadira ngati mzungu. Koma misewu ina ya kumeneko ndi ya miyala, komanso ndi yokwera. Chikuku chinangoti gwedegwede, mwana mano gugudugugudu, mpaka ndinamutulutsa n'kumubereka pachitenje, bambo ake n'kumakankha chikuku chopanda munthu. Amayi, chitenje musachisiye. Chimabereka, chimayalidwa pansi, chimafunditsa mwana mphepo ikayamba, ndipo pamasitepe sichivuta.

Tili pomwepo, 12 koloko yeniyeni, kunamveka phuu! Mtima wanga unachita kuima. Paphiri la Signal Hill, pamwamba pa Bo-Kaap pomwepo, amaomba mzinga masana aliwonse kupatula Lamulungu ndi masiku a tchuthi, mwambo womwe unayamba mu 1806. Eni mzinda amangoyang'ana wotchi. Wanga wa kumsana analira ola lathunthu, wamkulu anakana kuyenda, pepala langa la malo anayi linathera pamenepo. Titapitanso ulendo wina tinamuuziratu wamkulu kuti kulira mfuti yaikulu, tiwerenge limodzi. Tsiku limenelo anaombera m'manja. Mwana ukamuuziratu, chomuopsa chimasanduka sewero.

Kuchokera apo tinagwirizana kuti tsiku limodzi, malo amodzi, ndipo mawa lake tsiku lokhala pakhomo. Tizichoka m'mawa, nthawi yogona wamng'ono izitipeza tabwerera. Munthu wokhala miyezi itatu athamangiranji? Phiri silithawa.

Ndanena phiri. Table Mountain ndi lotalika mamita 1,086, ndiye kwa ife odziwa Sapitwa wa mamita 3,002 ndi mng'ono wake chabe, koma limaima pamwamba pa mzinda penipeni, pamwamba pake pali see ngati tebulo. Amakwera ndi kagalimoto koyenda pa chingwe, njira yomwe inatsegulidwa mu 1929, ndipo pansi pake pamazungulira pang'onopang'ono kuti aliyense aone mbali zonse. Vuto ndi mphepo. Miyezi yotentha kumaomba mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, yolusa ngati mwera wa kunyanja kwathu, ndipo ikakula amatseka, sakweza munthu. Komanso mtambo umatha kuphimba pamwamba ponse, ngati mmene chiperoni chimabisira Mulanje. Ife tinamulonjeza mwana kuti mawa tikwera phiri. Kutacha, mtambo. Tsiku lina, mphepo. Mwana wa zaka 5 samva zoti nyengo yasintha, iye amangodziwa kuti amayi ananama. Ndiye tinasiya kulonjeza. Tinkangodzuka, kusuzumira pawindo, phiri likaoneka bwino osagwedezeka mitengo, ndi pomwe tinkati valani majuzi. Majuzi ndithu, ngakhale pansi kukutentha, pamwamba kumazizira.

Titafika pamwamba ine ndinagwira pakamwa. Nyanja mbali iyi, mzinda pansi ngati timabokosi ta machesi, chilumba cha Robben Island uko chikuyandama. Ndikuti mwanawe taona! Iye ali chogwada, wapatsa zonsezo msana, akuyang'ana mbira zili kuothera dzuwa pamwala. Mbira zomwezi za m'mapiri a kwathu kuno. Ndalama zonse zija tinalipira kuti akaone mbira. Ndinapsa mtima pang'ono, sindinama, koma kenako ndinakhala naye pansi. Tinaziwerenga, zinali zisanu ndi imodzi, ina ili ndi kamwana.

Malo amene tinapitako kambirimbiri ndi osalipira n'komwe, Company's Garden, munda wapakati pa mzinda umene a Dutch anauyamba m'ma 1650 kuti azilima ndiwo zamasamba za anthu a m'zombo zodutsa. Lero muli mitengo ikuluikulu, mabenchi, ndi agologolo osaopa munthu. Kwathu gologolo akakuona ndi liwiro, poti amadziwa za legeni. Kumeneko amabwera mpaka pamapazi kudzapempha mtedza. Ana anga akanatha kukhala pamenepo tsiku lonse, ndipo ine ndinkapeza mpata wokhala pansi, zomwe mayi woyenda ndi ana awiri sazipeza wamba. Ndikanakhala ndekha, kamodzi kakanandikwanira. Koma mwana amene sabata ino wagona bedi ili, mwezi wamawa bedi lina, amafuna malo amodzi oti aziti ano ndikuwadziwa. Wamkulu anafika pomatitsogolera yekha njira.

Ku Boulders Beach, kufupi ndi Simon's Town, kuli mbalame zija zosauluka, ma penguin, zimayenda ngati abambo avala suti akuchedwa kutchalitchi. Zinakhazikika pamenepo m'ma 1980. Pitani nawo ana, akasangalala, koma dzanja lisachoke m'dzanja, chifukwa mlomo wake ndi wakuthwa ndipo zimajompha.

Tsono pali malo ena amene si a ana. Robben Island, kumene a Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wawo, ulendo wake ndi pafupifupi maola anayi, boti kupita, basi pachilumba, kuyenda m'ndende mukumvetsera munthu amene anamangidwapo momwemo akufotokoza, boti kubwerera. Mwana wa chaka ndi theka akayamba kulira m'kachipinda kaja mumulowetsa kuti? Ndipo nyanja ikavunduka, osanza amayamba ndi ana. Ife tinasinthana. Bambo anapita Loweruka lina ine ndili ndi ana, ine ndinapita Loweruka linalo iwo ali nawo. Abambo, mwamva? Ndati Loweruka linalo iwo ali nawo. (Kuseka.) Anandiimbira foni kanayi kufunsa kumene kuli matewera, koma ana ndinawapeza amoyo.

Za chakudya sindichedwapo. Ufa wa chimanga uli m'sitolo iliyonse, choncho pezani nyumba yokhala ndi pophikira, mwana azidya phala lake m'mawa ndi nsima madzulo. M'chikwama musasowe madzi, nthochi, buledi ndi zovala zosinthira. Mabasi a MyCiTi salandira ndalama m'manja, amafuna khadi, muziikiratu ndalama musanafike pa siteji ndi ana. China chimene palibe anandichenjeza ndi dzuwa. Wotchi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi, koma mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Ukamuuza mwana kagone, amakuloza pawindo kuti kunja kukadali masana. Zitenje ziwiri zakuda zinathera pamawindo.

Ichi chokha mugwiritse. Tsiku lina ku V&A Waterfront, malo a masitolo ndi malesitilanti kudoko, anthu ali pikitipikiti nyengo ya Khirisimasi, ndinawerama kukonza mwana kumsana, podzuka wamkulu palibe. Mwina sanathe mphindi zitatu, koma miyendo yanga inazizira. Anali atatsatira oimba ng'oma. Anamupeza ndi mnyamata wina wogwira ntchito pa lesitilanti, amene anamva mwana akulira kuti amayi, amayi, ndikufuna amayi anga, n'kumuyankha m'Chichewa. Anali wa kwathu kuno, paja Amalawi ku Cape Town ndi ambiri. Anamufunsa kuti amayi ako dzina lawo ndani? Mwana akuti, ndi Amayi. Nanga abambo? Ndi Adadi. Ifetu timaphunzitsa ana kuti dzina la wamkulu satchula, ndipo ndi ulemu wabwino, koma usiku womwewo tinamukhazika pansi kumuphunzitsa maina athu onse mpaka analoweza. Kuyambira pamenepo, tisanatuluke ndinkalemba nambala ya foni pamkono pa aliyense ndi bolopeni, n'kuwajambula chithunzi kuti ndizidziwa zimene avala tsikulo.

Amayi kumbuyoko akufunsa za kusamba m'nyanja. Eya, tinapita. Mbali ya Camps Bay madzi ake ndi ozizira ngati a mufiriji ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndiye ndi ana pitani mbali ya Muizenberg, kapena ku St James komwe kuli dziwe lotchinga ndi khoma, mafunde sawagwetsa. Wanga wamkulu anazolowera ku Senga Bay, ndiye anangothamanga n'kudziponyamo kukamwa kuli yasa. Anadzuka akulavula, maso ali psuu, n'kubwera kudzandinenera kuti amayi, wina wathiramo mchere, mukamuuze asiye.

Amayi a pampando, ndadya nthawi ya ena, ndipo ndikuona tiyi wafika kale.