Zimene mwana amatengera kwa makolo ake

Ndikupatsani moni nonse amene mwasonkhana pano, inu makolo, inu aphunzitsi, makamaka inu anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira bayoloji, chifukwa nkhani ya lero ili m'maphunziro anu ngakhale kuti ikukhudza munthu aliyense wobadwa kwa mayi ndi bambo. Mwana akabadwa, achibale sachedwa kumuyang'anitsitsa kuti aone amene wamutengera, ndipo mumamva wina akuti mphuno iyi ndi ya bambo ake, wina akuti chipumichi ndi cha agogo ake aakazi. Kufanana kumeneku anthu anakuona kalekale. Chimene chinasowetsa anthu yankho kwa zaka mazanamazana n'chakuti nthawi zina chinthu chimene sichikuoneka mwa bambo, sichikuonekanso mwa mayi, chimatulukira mwa mwana wawo. Pamene yankho lasowa, anthu amafuna woloza chala, ndipo kawirikawiri chala chimenecho chimagwera mayi. Ndikufuna kuti tikamabalalika pano mukhale mutaona kuti mwana amalandira theka la chibadwa chake kwa bambo ndi theka lina kwa mayi, ndiponso kuti kholo lililonse limanyamula zinthu zimene silizionetsa pathupi pake.

Amene anayamba kuunikira bwino nkhaniyi ndi Gregor Mendel, wansembe wa Chikatolika amene ankakhala mumzinda wa Brno, umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kuyambira mu 1856 mpaka mu 1863 iye ankadzala nsawawa m'kadimba ka panyumba ya amonke, ndipo ntchito yake inali yofuna kuleza mtima kwambiri. Ankatsegula duwa lisanakhwime n'kuchotsamo timitu tonyamula mungu kuti lisadzibereketse lokha, kenako ankatenga mungu wa chomera china chimene wasankha n'kuupaka paduwalo, pomaliza n'kuliphimba ndi kathumba kuti tizilombo tisabweretse mungu wachilendo. Masiku amenewo anthu ambiri ankakhulupirira kuti chibadwa cha makolo awiri chimasakanikirana mwa mwana n'kukhala chapakatikati. Zikanakhala choncho, nsawawa yaitali ndi yaifupi zikanabereka ya msinkhu wapakati. Koma Mendel atazikwatitsa, ana onse anatuluka aatali, ngati kuti ufupi uja watheratu. Atalola ana aatali aja kuti aberekane okhaokha, ufupi unabweranso: anawerenga zomera zazitali 787 ndi zazifupi 277. Pa maonekedwe a njere anapeza zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850. Mukagawa manambala amenewa mupeza kuti pa zomera zinayi zilizonse, pafupifupi zitatu zinali za mtundu umodzi ndipo chimodzi chinali cha mtundu uja unabisala.

Chimene chimandisangalatsa mwa munthu ameneyu n'chakuti sanakhutire ndi kungoona, koma anawerenga, ndipo manambalawo ndi amene anamuuza zoona. Anazindikira kuti chomera chilichonse chimakhala ndi tinthu tiwiri tolamulira khalidwe limodzi, kena kochokera ku mungu, kena kochokera ku duwa limene lalandira munguwo, ndipo tinthu timeneti sitisungunuka kapena kusakanikirana, timangodutsa tathunthu kuchoka ku m'badwo wina kupita ku wina. Tinthu timeneti ndi timene lero timati majini. Jini ina imaonekera ngakhale ili imodzi yokha, ndipo m'mabuku mwanu imatchedwa dominant. Ina imaonekera pokhapokha ikakumana ndi inzake yofanana nayo, ndipo imatchedwa recessive. Mendel anafotokoza zimene anapeza mu 1865, zinasindikizidwa mu 1866, koma akatswiri a nthawi yake sanazilabadire. Anamwalira mu 1884, ndipo munali mu 1900 pamene akatswiri a zomera Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak anatulukiranso ntchito yake.

Tsopano tibwere m'thupi la munthu. Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo pakati pa selo pali nyukiliyasi, mmene muli tizingwe totchedwa makromozomu. Munthu ali ndi makromozomu 46 mu nyukiliyasi ya selo, amene amakhala awiriawiri n'kupanga magulu 23, ndipo pa gulu lililonse kromozomu imodzi inachokera kwa bambo, inayo kwa mayi. Kromozomu ndi ulusi wautali wa DNA, chinthu chimene chimasunga malangizo a chibadwa, wokulungidwa mothinana kwambiri, moti mutaufunyulula wonse wa m'selo imodzi yokha ungatalike pafupifupi mamita 2. Malangizo a pa DNA amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, C ndi G, ndipo munthu amalandira zilembo zoterezi pafupifupi 3 biliyoni kuchokera kwa kholo lililonse. Jini ndi chigawo cha ulusi umenewu chimene chimauza selo kapangidwe ka puloteni inayake, ndipo majini otere mwa munthu alipo pafupifupi 20,000. Kapangidwe ka DNA, kuti ndi zingwe ziwiri zopotana, anakafotokoza ndi James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge mu 1953, koma musamaiwale dzina la Rosalind Franklin wa ku London, amene ntchito yake yojambula DNA ndi X-ray inawathandiza kwambiri, ngakhale kuti anamwalira mu 1958 mphoto ya Nobel isanaperekedwe pa ntchitoyi mu 1962.

Dzira la mkazi ndi mbewu ya mwamuna ndi maselo apadera, chifukwa m'malo mwa makromozomu 46 amanyamula 23 okha. Pamene akupangidwa, pa gulu lililonse pamatengedwa kromozomu imodzi mwamwayi, mwina ya kwa agogo aamuna, mwina ya kwa agogo aakazi, ndipo njira zosankhira zimenezi zimaposa 8 miliyoni mwa kholo limodzi lokha, tisanawerengere kusinthana zidutswa kumene makromozomu amachita asanasiyane. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi amafanana koma salingana, kupatula mapasa amene anachokera ku dzira limodzi limene linagawikana pawiri.

Pa magulu 23 aja, gulu lomaliza ndi limene limalamulira zoti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Mkazi ali ndi makromozomu X awiri, pamene mwamuna ali ndi X imodzi ndi Y imodzi. Ndiye kuti dzira lililonse la mayi limanyamula X basi, palibe china chimene lingapereke, koma mbewu za bambo zili mitundu iwiri, zina za X, zina za Y. Ikafika padzira mbewu ya X pamabadwa mtsikana, ikafika ya Y pamabadwa mnyamata. Azibambo amene muli pano, ndikunena izi mwaulemu wonse: mayi amene wabereka ana aakazi okhaokha alibe mlandu uliwonse, ndipo inunso mulibe mlandu, chifukwa palibe mwamuna amene amasankha mbewu yoti ifike poyamba.

Kromozomu X ili ndi majini ambiri amene pa Y palibe, motero mnyamata akalandira X yokhala ndi jini yowonongeka sakhala ndi X ina yomuteteza. Ichi ndi chifukwa chake matenda a hemofiliya, amene amachititsa kuti magazi asaundane msanga munthu akavulala, amagwira kwambiri amuna, chimodzimodzinso vuto losasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira. Mfumukazi Victoria ya ku Britain inali ndi jini ya hemofiliya koma sinkadwala; mwana wake Leopold anadwala matendawa, ndipo kudzera mwa ana ake aakazi jiniyo inafika m'mabanja achifumu a ku Russia ndi ku Spain.

Ndikuchenjezeni, inu ophunzira, kuti si zonse zimene zimatsata chiwerengero cha nsawawa za Mendel. Msinkhu wa munthu ndi kuderako kapena kuyererako kwa khungu zimalamulidwa ndi majini ambirimbiri pamodzi, ndipo msinkhu umadaliranso kadyedwe ndi thanzi la mwana pamene akukula. Palinso zina zimene mwana amabadwa nazo koma makolo analibe, monga Down syndrome, imene nthawi zambiri imabwera chifukwa chakuti makromozomu a nambala 21 sanasiyane bwino pamene dzira kapena mbewu inkapangidwa, mwana n'kukhala nawo atatu m'malo mwa awiri.

Koma pali zina zimene zimatsata Mendel ndendende, ndipo chialubino ndi chimodzi mwa izo. Khungu, tsitsi ndi maso zimatenga mtundu wake ku chinthu chotchedwa melanini, ndipo jini yothandiza kupanga melanini ikakhala yosagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ya kwa bambo ndi ya kwa mayi, mwana amabadwa wachialubino. Makolo ake angakhale a khungu lakuda onse awiri, chifukwa aliyense ali ndi jini imodzi yabwino imene ikuphimba inayo. Mwanayo ndi wa bambo ake monga mmene alili wa mayi ake, ndipo m'thupi lake mulibe chachilendo china chilichonse koma kuchepa kwa melanini, kumene kumafuna kuti atetezedwe ku dzuwa ndi kuti maso ake athandizidwe.

Ndikufuna ndikhalitse pang'ono pa matenda a sickle cell, chifukwa mwa iwo zonse zimene tanenazi zimaonekera pamodzi. M'maselo ofiira a magazi muli puloteni yotchedwa hemoglobini, imene imanyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Jini ina yothandiza kupanga puloteni imeneyi ili pa kromozomu ya nambala 11, ndipo mwa anthu ena chilembo chimodzi chokha cha m'jiniyo chinasintha, pamene panayenera kukhala A pali T. Kusintha kwa chilembo chimodzicho kumachititsa kuti okosijeni akachepa, hemoglobini izigwirana n'kupanga timitengo tolimba m'kati mwa selo, ndipo selo imene inali yobulungira ndi yofewa imapindika ngati chikwakwa n'kuuma. Maselo opindikawa amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono, mwana n'kumalira ndi ululu wa m'mafupa, manja ndi mapazi n'kumatupa. Selo yofiira yabwinobwino imakhala masiku pafupifupi 120, koma yopindika imafa pa masiku 10 mpaka 20, motero magazi amachepa ndipo maso amachita chikasu. Zizindikirozi siziyamba pobadwa pomwe, zimadikira mpaka mwana atafika miyezi ngati 5 kapena 6, chifukwa poyamba amakhala akugwiritsabe ntchito hemoglobini ya mtundu wina imene anali nayo ali m'mimba.

Jini yabwinobwino tiitche A, yosinthika ija tiitche S. Munthu wa AA alibe matendawa, wa SS amadwala, koma wa AS nthawi zambiri amakhala wathanzi moyo wake wonse osadziwa n'komwe chimene wanyamula. Tsopano tiyerekeze kuti bambo ndi wa AS, mayinso ndi wa AS. Mukafika kunyumba tengani ndalama ziwiri zachitsulo, ina iimire bambo, ina iimire mayi, ndipo pa iliyonse mulembe A mbali imodzi, S mbali inayo. Muziponye pamodzi maulendo ambiri n'kumalemba zimene zatuluka. Mudzapeza kuti pa maulendo anayi alionse, pafupifupi ulendo umodzi mukupeza AA, maulendo awiri AS, ulendo umodzi SS. Koma mudzaonanso kuti nthawi zina SS ikutuluka kawiri kapena katatu motsatizana, chifukwa ndalama sikumbukira zimene inachita pa ulendo wapitawo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ngakhale pa mayeso: amaganiza kuti banja likabereka mwana mmodzi wodwala ndiye kuti atatu otsatira adzakhala bwino. Mwayi wa mmodzi pa anayi umayambiranso pa mimba iliyonse, moti banja lina lingabereke ana asanu popanda wodwala, lina n'kukhala ndi odwala awiri pa ana atatu. Ndipo onani bwino kuti mwana wa SS analandira S imodzi kwa mayi ndi S inayo kwa bambo. Kholo limodzi palokha silingamupatse zonse ziwiri.

Mwina mukudzifunsa kuti jini yopweteka chonchi yakhalitsa bwanji pakati pa anthu. Mu 1954 wasayansi Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti anthu a AS amatetezeka ku malungo oopsa kuposa anthu a AA. Kumadera kumene malungo akhala akupha ana kwa mibadwo yambiri, ana a AS ankapulumuka mochuluka n'kukula n'kubereka, jiniyo n'kumafala, ndipo n'chifukwa chake imapezeka kwambiri mu Africa, ku India, ku Middle East ndi m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Chitetezo chimenechi si chathunthu, munthu wa AS amadwalabe malungo, ndipo kwa mwana wa SS malungo ndi oopsa kwambiri.

Munthu sangadziwe ngati ndi wa AA kapena wa AS pongodziyang'ana, koma kuyezetsa magazi kumaulula, ndipo ndikulimbikitsa achinyamata, makamaka amene kubanja kwawo kunakhalapo mwana wa matendawa, kuti akayezetse asanayambe kubereka n'kukambirana ndi achipatala za tanthauzo la zotsatirazo. Kwa mwana amene wabadwa kale ndi SS, kudziwa msanga kumapulumutsa moyo, chifukwa akayamba kulandira penisilini akadali wakhanda, akalandira katemera yense, akatetezedwa ku malungo ndiponso akamamwa madzi okwanira, matenda ambiri amene amapha ana otere amapeweka. Palinso mankhwala otchedwa hydroxyurea, amene amalimbikitsa thupi kupanganso hemoglobini ya mtundu uja wa m'mimba, motero maselo sapindika kawirikawiri, ululu umachepa, ndipo mwana safunika kuikidwa magazi pafupipafupi.