Loweruka ku Blantyre wa kuno ku Scotland

Moni nonse, kaya muli pa shifiti ya usiku, kaya mukutsuka mbale, kaya mwapanikizika mu minibasi ya ku Ndirande. Takulandiraninso kuno ku Glasgow. Loweruka lapitali ine ndi bambo akunyumba tinapuma tsiku limodzi, zomwe sizichitikachitika kwa ife osamalira okalamba, ndiye tinati katsikana kathu ka zaka zinayi kakawongoleko miyendo ku Blantyre.

Eya, Blantyre wa konkuno. Mukakwera sitima pa Glasgow Central, kunsi kuja, mphindi ngati 20 mwafika, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu salipira. Ndi katauni kakang'ono m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kwawo kwa David Livingstone. Anabadwira kumeneku mu 1813, ndipo amishoni a Church of Scotland atamanga mishoni yawo kwathu mu 1876 anaitcha dzina la mudzi wakewu. Titatsika tinaimbira agogo ake ku Chilomoni pa WhatsApp. "Amayi, tafika ku Blantyre." Anangoti zii, kenako amvekere, "Ana inu, osanena bwanji ndigwire nkhuku?" Anakhulupirira titawaonetsa chikwangwani cha pasiteshoni ndi majekete athu.

Nyumba imene anabadwiramo ikadalipo, amaitcha Shuttle Row, yoyera, yosanjikizana, ndipo pano ndi malo osungira mbiri yake (myuziyamu). Munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito m'fakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. Chimodzi basi! Kuphikira momwemo, kugona momwemo, makolo ndi ana. Livingstone anayamba ntchito ali ndi zaka 10, kulumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, akaweruka n'kupita kusukulu. Ku pulayimale anatiphunzitsa zoti anafika ku nyanja yathu mu 1859, koma zoti anakulira mu umphawi wotero sanatiuze. Bambo akunyumba anasuzumira m'chipindamo n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, chimene tinkachita lendi titangofika kuno chija chinali chachikuluko."

Mwanayo zonsezi analibe nazo ntchito. Mtima wake unali panja, pa chiboliboli chachikulu cha mkango utagwetsa Livingstone pansi. Zinachitikadi mu 1844 ku Mabotsa, ku South Africa, mkango unamuphwanya mkono wamanzere. Kamwana kanazungulirazungulira, maso ali tong'o, kenako kakuti, "Amami, galuyu akuwaluma chifukwa chiyani ankolowa?" Mwana wa Mmalawi kutcha mkango galu, abale! Abambo ake anaseka mpaka kukhosomola, ine ndinangoti tikapita kumudzi ulendo woyamba ndi wa ku Liwonde.

Pamene ndinaimapo nthawi yaitali ndi pa nkhani ya Susi ndi Chuma. Chitsegulirenso malowa mu 2021, anthu akuda amene ankayenda naye akutchulidwa maina, ndipo apo ndiye achita bwino. Chuma anali Myao, anawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 ali kamnyamata. Livingstone atamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, iwowa ndi anzawo anakwirira mtima wake patsinde pa mtengo wa mpundu, thupi n'kuliumitsa, n'kulinyamula wapansi mpaka ku Bagamoyo. Miyezi pafupifupi isanu ndi inayi ali m'njira ndi maliro. Ndinkafuna kuwerenga zonse, koma wina anali akundikoka chovala kuti akufuna katungwe.

Mvula ya kuno mukuidziwa, inatipeza tikutsegula makontena a mpunga ndi nkhuku. Tinadyera pansi pa mtengo, tiyi wa m'fulasiki ndi mandasi. Inu amene muli ndi ana ang'onoang'ono, tengani majombo ndi zovala zosinthira, chifukwa wathuyu anakhala pansi m'matope ndi diresi la kutchalitchi. Musananyamuke onaninso pa intaneti masiku amene amatsegula.

Sabata yamawa tikambirana za kutumiza katundu kumudzi, mafunso anu a madiramu aja ndawaona. Tsalani bwino.