Mowa ndi nkhanza m'nyumba za asilikali opuma

A gulupu, anyakwawa, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo, zikomo chifukwa chopirira dzuwa la kuno kuchigwa n'kudzakhala pansi pa mtengo uno. Nonse mwamva za mayi amene anathamangira naye kuchipatala pa kabaza usiku wa Loweruka lapitali mkono utathyoka, ndipo dzina lake sinditchula. Mwamuna wake ndi msilikali wopuma, munthu waulemu amene masana amapereka moni kwa aliyense, koma tsiku limenelo penshoni inali italowa, ndipo iye anaswera pa kachasu mpaka mdima. Anthu oyandikana nawo anamva kulira, koma anati za m'banja salowerera. Uchidakwa ndi matenda ochizika, abale anga, choncho musadikire kuti magazi akhetsedwe musanapite naye munthu kuchipatala.

Sindikunena kuti msilikali aliyense ndi wankhanza, ayi. Koma tikumbukire kumene abambo amenewa anachokera. Ena analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, nkhondo yomwe ija inadzaza Nsanje ndi anthu othawa kwawo isanathe mu 1992, ndipo ena achichepere anakagwira ntchito yosungitsa mtendere ku Congo. Munthu amene anazolowera kugona khutu lili tcheru, akabwerera kumudzi thupi lake silidziwa msanga kuti nkhondo inatha. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, mwana akalira mtima umathamanga, ndipo mowa ukalowa umachotsa kudziletsa kumene kumagwira dzanja lija. Mawu ang'onoang'ono a mkazi, monga kufunsa ndalama ya kuchigayo, amamveka ngati mwano.

Ku America akatswiri anatsatira amuna olandira chithandizo cha uchidakwa, ena mwa iwo asilikali opuma, ndipo anapeza kuti m'chaka chotsatira chiwerengero cha omenya akazi awo chinatsika ndi theka kapena kuposerapo. Amene anasiyiratu mowa anafanana ndi amuna ena osamwa mwauchidakwa, pamene amene anayambiranso kumwa ambiri anapitiriza nkhanza. Ichi n'chifukwa chake ndikunena kuti kuweruza pabwalo n'kulipiritsa mbuzi kokha sikukwanira, pakuti mbuzi ikaperekedwa botolo limakhala likudikirabe. Ankhoswe, inunso ndikudzudzuleni pang'ono: mumabweza mwana wanu wamkazi kunyumba ndi mawu akuti banja ndi kupirira, osafunsa n'komwe ngati mkamwini wanu wapita kuchipatala. Musadikire magazi.

(Bambo wina wachikulire aimirira: "Adokotala, ife tinaona anzathu akufa. Popanda kachasu tulo sitibwera. Ndiye tikasiya tizigona bwanji?")

Zikomo bambo, khalani pansi, ndipo mwachita bwino kulankhula zimene ambiri akubisa. N'zoona kuti mowa umagonetsa msanga, koma tulo take n'tosakhalitsa. Mumagona ngati mwala cha m'ma 9 koloko, kenaka pakati pa usiku mowa ukamatha m'magazi mumadzuka thukuta lili kamukamu, maloto oipa aja atabwerera mwamphamvu kuposa kale, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutalawanso. Pamenepo mowa sukuchizanso chilichonse, wasanduka matenda achiwiri pamwamba pa oyamba. Maloto a nkhondo, mantha ndi kupsa mtima msanga ndi bala la m'maganizo, ndipo lili ndi chithandizo chake, chomwe ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Kupita kwa anamwino oona za matenda a maganizo sikutanthauza kuti ndinu wamisala.

Koma mverani bwino apa, bambo. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Pakatha tsiku limodzi kapena atatu, ena amagwa ngati akhunyu, ena amaona zinthu zimene palibe, ndipo anthu amathamangira kunena kuti walodzedwa, pamene ndi thupi likufuna mowa. Zimenezi zimatha kupha. Kuchipatala timapereka mankhwala okhazika thupi pansi kwa masiku ochepa, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo, kenaka uphungu umayamba. Mkazi akhoza kumabwera nawo ku uphungu ngati iye mwini wafuna ndiponso ngati sali pachiopsezo, osati mokakamizidwa.

Ndikuona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndiye ndifulumire. Kuledzera sikufafaniza mlandu, chifukwa lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kulamula kuti wankhanza asayandikire mkazi wake. Mayi, bambo akabwera ataledzera musakangane nawo usiku umenewo, tulukani ndi ana mupite kwa mnansi amene munapangana naye kale, ndipo zikwanje ndi makasu zisamagone m'nyumba. Mukavulazidwa pitani kuchipatala ndi kupolisi ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, kapena imbani mwaulere pa 5600, nambala yothandiza pa nkhanza za m'banja. Nkhani ya chithandizo muikambe m'mawa munthu ali bwinobwino, ndipo ndi bwino kuti amuperekeze msilikali mnzake, chifukwa amamverana. Yambirani pachipatala chapafupi, iwo akutumizani ku Chikwawa kapena ku Nsanje kuchipatala cha boma. Musadikire magazi. Amene ali ndi funso lachinsinsi andipeze kuseri kwa tchalitchi tikangobalalika.