Andilanda rauta abale, pakati pa nyanja penipeni

Moni moni abale anga kulikonse komwe muli, a ku Joni, a ku Cape Town, a ku Leeds, ndi inu a kumudzi amene mwapha bandulo yanu kuti mundimvere, zikomo kwambiri. Mukamva kaphokoso ngati chigayo kumbuyoku musadabwe ndi injini imeneyo, ndakhala pa masitepe athu a ma crew kunsi kuno mu sitima ya alendo yomwe ndimagwirayi chifukwa mu kabini mnzanga wagona ndipo akandimva ndikukamba nkhaniyi tiyambananso. Episodi iyi muimva mochedwa, ndiikweza mawa tikaima ku Cozumel, chilumba cha ku Mexico, ndipo chifukwa chake ndi nkhani yathu ya lero yomweyi. Andilanda rauta. Lero lomwe mmawa, pa inspekishoni ya ma kabini, ndili mtulo tofa nato.

Inu a pa sitima mukudziwa kale mmene zimakhalira sinditaya nthawi, koma amayi anga ku Nkhotakota mpaka pano amaganiza kuti ndimagwira pa Ilala yaikulu, amati mwanawe bwanji osangokwera pamwamba nkusaka netiweki ngati timachitira pa chulu. Amayi, kuno kulibe nsanja ya foni, ukayang'ana uku madzi uku madzi, intaneti yonse imatsika ku satelayiti. Kuyambira cha mu 2022 sitima zambiri zinaika Starlink ndiye liwiro linasintha zedi, kale voice note ya masekondi 20 imazungulira mpaka umalize kudya. Koma phukusi ukagula ndi la chipangizo chimodzi, foni imodzi basi, ukafuna kulowa pa laputopu uyambe watuluka pa foni. Ndiye tili ku Miami mu Novembala ndinagula rauta, kabokosi kogawa wifi kochepa ngati sopo wosambira, ka GL.iNet. Kamalumikiza ku wifi ya sitima, iwe nkulowa pa peji ya wifiyo kamodzi ndi akaunti yako, sitima imaona ngati pali chipangizo chimodzi pomwe kuseli kwake tadzazana ngati minibasi ya ku Ndirande.

Tinali anayi. Ine, mnzanga wa mu kabini wa ku Bulawayo, mnyamata wina wa ku Philippines wa ku galley, khitchini ya sitima, ndi mkulu wina wa ku Indonesia wa ku laundry amene ali khomo loyang'anana ndi lathu, chifukwa makoma a kuno ndi chitsulo chokhachokha siginolo siipita patali, mkuluyo amachita kukhala pa mpando pakhomo foni ataiimika mmwamba ngati akudalitsa mpingo. Timasonkha mwezi ndi mwezi, aliyense kagawo kake, zinthu zikuyenda bhobho. Dzina la netiweki ndinalemba kuti Nsima Yapsa, ndikumadzimva kuti ndine injiniya ine, mwana wa ku Linga amene Fomu 4 anaimaliza mokoka. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi abale.

Apa ndiye ndikufuna ndilalikire pang'ono ndipo musandidule. Chinthu ukachita ndi anzako kunja kuno, vuto si bwana, vuto ndi pakamwa. Ndinanena ine tsiku loyamba, anayi basi, pasiwedi isatuluke. Koma paisano wangayu wa mu kabini, paisano pa sitima ndiye kuti wakwanu, ndimati paisano ngakhale ndi wa ku Zimbabwe chifukwa agogo ake anachoka ku Dedza kupita ku migodi ndipo Chinyanja amachiyankhula chothyokathyoka, anagwa mchikondi ndi mtsikana wa ku spa. Chikondi cha pa sitima mukuchidziwa, chimatha tsiku la sign off, kontrakiti yatha ukutsika pa gangway. Wampatsa pasiwedi. Mtsikanayo wapatsa mnzake, mnzakeyo wapatsa wa ku casino, ine ndikudabwa usiku korido yathu yadzaza anthu atatsamira khoma ngati pa chipatala, wina akuonera mpira wa Premier League pa thukuta langa. Ndikafuna kuimba kunyumba chithunzi chikungouma, mwana wanga kukamwa kuli yasa osasuntha. Ndinasintha pasiwedi kawiri, kawiri konse inatuluka. Munthu wamkulu ndevu pepeya kulephera kusunga manambala 8! Inu achinyamata amene mukundilembera kuti achimwene tithandizeni tilowe pa sitima, satifiketi ya maphunziro a panyanja ya STCW mupeza, visa ya ku America ya C1/D mupeza, kunyamula thireyi muphunzira, koma kutseka pakamwa kulibe kozi yake. Ku Cape Town ndili weyitala zinali chimodzimodzi, wina ukamuuza pomwe pali ganyu mawa upeza wabwera ndi asuweni ake atatu ndipo iwe ndi amene wachotsedwa.

Ndabwerera ku mmawa uja. Agogoda, alowa atatu, wachitetezo, supavaiza wathu ndi mzungu wa IT atanyamula tabuleti. Sanasake nkomwe, anangolunjika kuseli kwa TV komwe ndinakamata ndi tepi. Ndiye akundifunsa akuwerenga pa tabuleti paja movutikira kuti kodi Nesima Yapusa ndi ndani, ine mtima uli phaphapha koma kuseka kukundigwira, ndinati ndi chakudya bwana. Sanaseke. Akuti timabokosi timeneti timasokoneza ma channel a wifi ya sitima, akuti ndi nkhani ya chitetezo cha makompyuta, akutinso chilichonse chomwe wabaya pa soketi osavomerezedwa ndi nkhani ya moto. Za motozo sinditsutsa, pa nyanja moto ndi umene timauopa kuposa madzi, nchifukwa chake ngakhale ayironi mu kabini saloleza. Ndipo si ife tokha, makampani ena akuluakulu mu 2024 analemba ma rauta pa mndandanda wa katundu woletsedwa ngakhale kwa alendo olipira. Koma tisanamizane, nkhani yaikulu ndi yoti anthu anayi amalipira ngati mmodzi.

Banana, kukalipiridwa kumeneko mchiyankhulo cha pa sitima, ndinadya ya mphamvu mu ofesi, ndasainira woningi yolemba, yoyamba chilowereni, makontrakiti atatu opanda banga. Paisano uja anangoti zii kuyang'ana nsapato zake ngati sakundidziwa.

Chomwe chikundiwawa, pangano lija la MLC la 2006 lotiteteza ife a panyanja analikonzanso, ndipo kuyambira Disembala 2024 limati eni sitima aziyesetsa kutipatsa intaneti, akalipiritsa mtengo ukhale wosapweteka. Wosapweteka kwa ndani? Kwa kaputeni kapena kwa ine wokolopa ma kabini a alendo masiku 7 pa sabata miyezi 8? Mameseji a WhatsApp amatipatsa ulere inde, koma mwana wa zaka 6 salemba meseji, amafuna aone nkhope ya adadi ake. Ndikaweruka 11 koloko usiku kwathu imakhala 6 mmawa, madam akumuveka yunifolomu, ndiye mphindi 10 zimenezo ndi zomwe ndimakhalira moyo kuno, amandionetsa dzino lomwe lagwedera, ine ndimamuonetsa chinsalu chomwe ndapinda ngati njovu. Ndalama yomwe ndimapulumutsa pa rauta ija ndi yomwe inathandizira feteleza chaka chino, chimanga akuti chafika mchiuno, ndachiona pa video yomweyo.

Ndipo inu a kumudzi mukaona chithunzi ndili ku Nassau ndavala magalasi musamati akudya bwino awa. Ndimatuluka maola awiri, ola limodzi ndi theka ndimakhala pansi pa simenti panja pa shopu ya wifi yaulere pamodzi ndi ma crew ena mazanamazana, aliyense akulira ndi foni yake mchiyankhulo chake. Komabe eee, nyanja ya Caribbean ndaiona ine, amene munkati sindidzadutsa Mwanza muli kuti?

Rauta akuti adzandibwezera tsiku lotsika mu Epulo, andipatsa kalisiti. Mkulu wa ku laundry wabwera madzulo ano kudzandipepesa atanyamula Indomie iwiri, akuti foni yake ya Android imatha kugawa wifi yomwe yalandira popanda kabokosi, ndamuuza akulu dikirani kaye woningi iyi izizire. Pano ndagula phukusi langa ndekha laling'ono, ndipo nthawi ikuti 10:52, mwana wadzuka kale uko, ndikathamangire pa kona ija ya pafupi ndi mess, kodyera kwathu, pomwe siginolo imagwira bwino asanandilande malo.