Kanyimbo ka ku nazale komwe ndinaletsa m'nyumba mwanga

Moni nonse omvera, takulandiraninso. Kuno ku Leicester mvula ikuwaza chiyambire m'mawa, ndiye mukamva kaphokoso pawindo musadabwe.

Lero ndidziulule ndekha. Mwezi wathawu mwana wanga wa zaka zinayi anabwera kuchokera ku nazale ndi kanyimbo kotchedwa Ring a Ring o' Roses. Ana amagwirana manja, kuzungulira, kuyetsemula mwadala, kenako onse pansi khu! Kuseka kwake musanene. Kanandilowa m'mutu, moti tsiku lina kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba, ndinkakang'ung'udza ndikupesa tsitsi la agogo ena. Iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, ukudziwa kuti ukuimba za maliro?"

Akuti maluwa ofiira otchulidwa m'kanyimbomo ndi zidzolo za mliri womwe unagwa mu London mu 1665, kuyetsemulako ndi matenda, kugwako ndi imfa. Mliriwo unachitikadi, unapha anthu pafupifupi 100,000. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Madzulo omwewo ndinalamula kuti zoitana imfa m'nyumba muno ayi. Mwana analira mpaka kugona osadya.

Bambo ake anangondiyang'ana, amvekere, "Mayi a mwana, tifufuze kaye." Tinakhala pa foni mpaka usiku. Abale anga, nkhani ija yayamba kugwedera. Buku la nyimbo za ana la Kate Greenaway lomwe linatchukitsa mawu ake ndi la 1881, patadutsa zaka zoposa 200 chichitikire mliriwo. M'madera ena ana ankaiimba popanda kuyetsemula n'komwe. Ndipo zoti ndi ya mliri zinayamba kumveka itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndiye kuti agogo aja anakula nkhaniyo ikungoyamba kumene kufala.

N'chimodzimodzi nyimbo ina ya ana, ya nkhosa yakuda, Baa Baa Black Sheep. Amati ikudandaula za msonkho wa ubweya womwe mfumu Edward I ya ku England inakhazikitsa mu 1275. Msonkhowo unalipodi, koma nyimboyo inasindikizidwa cha m'ma 1744, ndipo chingwe cholumikiza ziwirizi palibe amene wachigwira. Ndaona kuti anzathu kuno amaikonda nkhani yoopsa. Ukangoti kanyimbo ka ana kabisa mitembo, aliyense amatchera khutu, tiyi mpaka kuzizira.

Agogo aja sindinawatsutse. Munthu woti dzina la mwana wake amaliiwala, koma kanyimbo aka amakaimba osaphonya liwu, ndimulande chiyani? Mwana wanga yekha ndiye ndinamupepesa. Loweruka anandikokera pabalaza kuti tizungulire, bambo akenso analowa m'bwalo. Pofika pogwa paja ine ndinagwadi zenizeni, bondo n'kumenya tebulo, moti mpaka lero ndikutsimphina.

Sabata yamawa tikambe za mlatho wa London Bridge womwe unagulitsidwa mu 1968 n'kukamangidwanso ku Arizona, m'dziko la America. Tsalani bwino.